Kuchokera ku Kakumbi Kukafika ku Edinburgh: Ulendo wa Wofufuza za Kaodzera

 Nkhani ya lero ndi ya mwana wa Zambia amene amanyamuka kukakhala pa yunivesite ya kunja pofuna digiri ya PhD, atanyamula funso la m'chigwa chino cha Luangwa: matenda a kaodzera ndi kashembe amene amawafalitsa.

Magazi a m'chigwa cha Luangwa ndiwo anayamba kuwoloka nyanja, eni chigwa anatsatira patapita zaka zambiri. Chaka cha 1909 Mngelezi wina analumidwa ndi kashembe m'chigwa muno. Atafika kwawo akudwala, akatswiri awiri a pa Liverpool School of Tropical Medicine, John Stephens ndi Harold Fantham, anayang'ana magazi ake ndipo anaona kuti kachilombo kanali mmenemo kankasiyana ndi ka kaodzera kamene kankadziwika kumadzulo kwa Africa. Mu 1910 anakapatsa dzina lakuti Trypanosoma rhodesiense. Chaka chotsatira Allan Kinghorn ndi Warrington Yorke anadzamanga msasa ku Nawalia, kumtunda kwa chigwachi, dera limene lero timati Nabwalya. Pofika 1912 anali atatsimikiza zinthu ziwiri zimene mlimi aliyense kuno ayenera kudziwa: kuti kashembe wamba wa m'tchire, uja amatsatira munthu panjira masana, ndiye amafalitsa kachilomboka, ndiponso kuti nyama zakutchire zimakasunga m'magazi mwawo. Amene ankagwira ntchentchezo, kusaka nyamazo ndi kusenza katundu wa msasawo anali anthu a m'chigwa. Pamwamba pa malipoti panalembedwa mayina a azungu okha.

Lero mayina a pamwamba pa malipoti asintha. Dr Joseph Mubanga, amene ankagwira ntchito ku nthambi ya boma yolimbana ndi kashembe, anapeza PhD pa University of Edinburgh ku Scotland atafufuza kaodzera wa ziweto m'madera amene anthu anali atangosamukiramo kumene m'boma lino la Mambwe. A Malimba Lisulo anafufuza agalu a m'midzi ya Mambwe, poyamba ali pa University of Zambia, kenako n'kupitiriza ntchitoyo ku Edinburgh komweko. Mayi Gloria Mulenga, a pa malo ofufuzira za kashembe a Kakumbi ku Mfuwe, anachita maphunziro awo a PhD ndi James Cook University ya ku Townsville, dziko la Australia. Onsewa zolemba zawo zinasindikizidwa, aliyense wofuna akhoza kuziwerenga.

Mwina wina afunsa: kashembe ali kuno, ng'ombe zodwala zili kuno, nanga ku Scotland kumene kulibe kashembe ndi mmodzi yemwe akukatengako chiyani?

Yankho lake lili m'kachilombo komweko. Tizilombo ta mtundu umenewu tilipo tambiri. Trypanosoma congolense ndi Trypanosoma vivax ndito timawondetsa ng'ombe mpaka nthiti kuwerengeka, ndipo ndito timachititsa alimi kumagula Berenil ndi Samorin chaka ndi chaka. Timeneti munthu sititha kumudwalitsa. Koma pali tiwiri tofanana ngati mapasa: Trypanosoma brucei brucei, kamene kakalowa m'magazi a munthu kamafa, ndi rhodesiense uja, amene amapha munthu m'miyezi yochepa ngati sanalandire mankhwala. Pa maikulosikopu simungatisiyanitse. Kusiyana kwake kuli pa chidutswa chimodzi cha DNA chotchedwa SRA, chimene ofufuza a ku Brussels anachitulukira, ndipo ndicho chimateteza rhodesiense kuti magazi a munthu asamuphe. Choncho mlangizi akhoza kuona kachilombo kakuyendayenda m'dontho la magazi a galu, koma sangadziwe ngati kangadwalitse mwana amene amagona pafupi ndi galuyo. Kuti adziwe pamafunika makina a PCR, mankhwala okwera mtengo amene amasungidwa m'firiji, magetsi osathimathima, ndi munthu amene anaphunzira kuwerenga zotsatira zake. Zimenezi ndizo wofufuza amatsatira kunja.

Ntchito yeniyeni imayambira kukhola m'mamawa, dzuwa lisanakwere, chifukwa mwezi wa Okutobala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40. Anyamata agwira ng'ombe nyanga, wina waikhotetsa khosi, wofufuza alasa kamtsempha ka kukhutu. Magazi ena alowa m'kachubu kopyapyala koti akapime kuchepa kwa magazi ndi kuyang'ana pa maikulosikopu. Ena adontheza pa kakhadi koyera ka pepala lapadera, lotchedwa FTA, limene limapha tizilombo koma n'kusunga DNA yake. Pakakhadipo alembapo nambala ya ng'ombe, mudzi ndi tsiku. Akayanika pamthunzi, osati padzuwa, kenako akaika m'kathumba kamodzi ndi timiyala toyamwa chinyontho. Mwini ng'ombe waima pambali akufunsa funso limodzi lokha: "Nanga mwapeza chiyani?" Tsiku limenelo wofufuza alibe yankho lokwanira.

Patapita miyezi, kakhadi komweko kali patebulo la mu labotale ku Edinburgh. Wofufuza wavala chikhoti choyera ndi magolovesi. Ndi kachitsulo koboolera adulapo timawilo ting'onoting'ono ta pepala lamagazi lija, atitsuka, atiika m'timachubu, awonjezera mankhwala ndi kachipangizo koyezera timadontho tosaoneka bwino ndi maso. Makina atenthetsa ndi kuziziritsa timachubuto kambirimbiri kwa maola angapo. Pamapeto pake athira zotulukazo pa chinthu chonga phala louma loonekera mkati, adutsitsamo magetsi, n'kukachiyang'ana pansi pa nyali yapadera m'chipinda chamdima. Kamzere kowala kakaoneka pamalo oyenera, ndiye kuti kachilombo kanalimo. Akalakwitsa pang'ono, mwina kachitsulo koboolera sikanayeretsedwe bwino n'kutengera DNA ya khadi lina, timizere timawala paliponse ndipo ntchito ya sabata yonse yapita pachabe. Makhadi oterewa amakhala mazanamazana. Anthu kumudzi amaganiza kuti mwana wawo ali pa mtendere kunjako, pamene iye akutha miyezi ataweramira timachubu.

Zimene zatuluka m'ntchito yotereyi n'zazikulu. Kafukufuku wa Neil Anderson ndi anzake, wosindikizidwa mu 2011, anayeza magazi a nyama zakutchire za m'chigwa chino ndipo anapeza rhodesiense ngakhale mu njati, nyama imene kale sinkadziwika kuti imasunga kachilomboka. Mbawala nayo inaonekera kuti ndi nkhokwe yaikulu. A Lisulo ndi anzawo, mu 2014, atayeza agalu oposa 200 a m'midzi ya Mambwe, anapeza ena ali ndi kachilombo kokhala ndi SRA uja. Alenje ndi eni agalu akudziwa galu amene amawonda, maso n'kuchita ng'ala yoyera, kenako n'kufa. Ambiri mwa agalu oterowo amakhala atagwidwa ndi kaodzera, ndipo galu wodwala pakhomo ndi chenjezo kwa banja lonse. Ofufuza a ku Edinburgh pamodzi ndi anzawo a ku Zambia analembanso za kusintha kwa chigwachi: anthu kutsika kuchokera kumtunda kudzafuna malo olima, thonje kuchuluka, ng'ombe kulowa m'madera amene kale kashembe ankaziletsa. Kalembera wa 2010 anapeza anthu pafupifupi 69,000 m'boma la Mambwe, wa 2022 anapeza kuti apitirira 100,000. Anthu, ziweto ndi nyama za ku South Luangwa National Park tsopano zikukumana pamadambo amodzi, ndipo kashembe amaluma zonse.

Tsono moyo wa wofufuzayo kunja kwa labotale umakhala wotani?

Choyamba kumulandira ndi nyengo. Ku Edinburgh mwezi wa Disembala dzuwa limalowa nthawi isanakwane 4 koloko madzulo. Munthu amalowa mu labotale kudakali mdima, n'kutuluka kwada kale. Wopita ku Hokkaido University ku Japan amakapeza mzinda wa Sapporo, kumene chipale chimagwa chokwana pafupifupi mamita 5 pachaka. Ku Townsville kokha ndiko kutentha kwake kungamukumbutse kwawo. Ndalama imene amalandira pamwezi kuchokera kwa omulipirira sukulu imamveka yambiri ikasinthidwa m'makwacha, koma lendi ya kachipinda kamodzi ndi zotenthetsera m'nyumba zimadya gawo lalikulu. Ufa amakaupeza m'timasitolo ta zakudya za ku Africa, pamtengo woti nsima imasanduka ya Lamlungu. Kumudzi nako foni sileka kulira: fizi ya mphwake, feteleza, odwala ali kuchipatala cha Kamoto akufunika thandizo. Abale sakulakwa kupempha, pakuti iye ndiye ali kunja, ndipo iye amachita manyazi kunena kuti alibe.

Chopweteka kwambiri ndi maliro. Uthenga umafika pa WhatsApp usiku, tikiti ya ndege ndi yosatheka, ndipo munthu amalira yekha m'chipinda, m'mawa n'kupita kukayatsa makina. Kwa amayi amene asiya ana kwa agogo kapena kwa amuna awo, katunduyu amalemera kawiri, ndipo pobwerera sipasowa wowanena kuti anathawa banja. Mayi wotere ayenera ulemu wa boma lonse.

Palinso mwambo wa kusukuluko, umene poyamba umamuzunguza. Mwana wa kwa Nsefu kapena kwa Mnkhanya anakula akudziwa kuti wamkulu satchulidwa dzina, ndipo akalankhula sumudula mawu. Kumeneko pulofesa wa imvi amamuuza kuti azimuitana ndi dzina lake loyamba. Pamsonkhano wa sabata iliyonse wophunzira amaimirira kufotokoza zimene wapeza, anzake n'kumupanikiza ndi mafunso mopanda kunyengerera: ng'ombe zimenezi munazisankha bwanji? Bwanji midzi yonse ili m'mbali mwa msewu? Mukudziwa bwanji kuti kamzereka si kolowerera? Miyezi yoyamba amaona ngati akumunyoza. Pambuyo pake amazindikira kuti nayenso akuyembekezeredwa kutsutsa pulofesa wake ngati umboni uli mbali yake. Pa zonse zimene amakaphunzira, ichi ndicho chamtengo wapatali kuposa makina, chifukwa makina amatha ntchito pakapita zaka, koma munthu wozolowera kufunsa kuti umboni wake uli kuti amathandiza dziko moyo wake wonse. Ndipo sizifuna kuti ataye ulemu wa kwawo. Akhoza kugwada pofika kwa amfumu, n'kuwauzabe mwaulemu kuti zimene apeza sizikugwirizana ndi zimene anthu amakhulupirira.

Tisaiwale kuti iyenso amapita ndi chuma. Iye ndiye akudziwa kuti mvula ikagwa njira ya kwa Malama siipitika, ndiye kafukufuku wokonzedwera Febuluwale ndi wa papepala chabe. Akudziwa chifukwa chimene mwini galu angakanire kunena kumene galu wake amayenda, poopa kuti nkhani ikafika kwa oyang'anira nyama. Akudziwa kuti mlimi akati anabaya ng'ombe mankhwala, mwina paketi imodzi anagawira ng'ombe zitatu. Popanda nzeru zimenezi manambala a pa kompyuta amanama. Yunivesite ya kunja imapindula naye, ndipo iye asamadzione ngati wopempha.

Mapeto a zonse ndi buku lalikulu la zimene wapeza, ndi tsiku la mayeso a pakamwa. Ku Britain amakhala m'chipinda ndi akatswiri awiri, wina wa pa yunivesite yomweyo wina wochokera kwina, amene awerenga bukulo tsamba ndi tsamba. Amamufunsa kwa maola angapo. Ambiri amauzidwa kuti akakonze zina ndi zina asanapatsidwe digiri.

Pali chitsanzo chimodzi chimene chikuonetsa bwino mmene ubale ndi yunivesite ya kunja uyenera kuyendera. Sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel pa University of Zambia inamangidwa ndi thandizo la Japan m'zaka za m'ma 1980, ndipo Hokkaido University ili ndi labotale yake pasukulu pomwepo ku Lusaka. Ku Japan ndiko kunatulukiridwa, chaka cha 2000, njira yopezera DNA yotchedwa LAMP, imene sifuna makina otenthetsa ndi kuziziritsa, imangofuna kutentha kumodzi kwa madigiri 60 ndi pang'ono, ndipo zotsatira zimatuluka pasanathe ola. Pulofesa Boniface Namangala ndi anzake anaigwiritsa ntchito pa odwala kaodzera a m'zigwa za Luangwa ndi Zambezi. Mu 2015 Kyoko Hayashida, Chihiro Sugimoto, a Namangala ndi ena anasindikiza njira youmitsira mankhwala a LAMP m'kachubu momwemo, kuti asafunenso firiji ndipo dontho la magazi lizithiridwa mwachindunji. Apa nzeru inapita kunja n'kubwerako itasanduka chipangizo choti chingafike pachipatala cha kumudzi.

Kufunika kwake kunaoneka m'kafukufuku wa Mayi Mulenga ndi anzawo wa 2015, amene anafunsa ogwira ntchito zachipatala m'maboma a Chama ndi Mambwe ndipo anapeza kuti luso ndi zipangizo zopezera kaodzera zinali zoperewera. Matendawa amayamba ndi kutentha thupi ndi mutu, chimodzimodzi malungo. Wodwala amapatsidwa mankhwala a malungo, abwerera kunyumba, abweranso, mpaka kachilombo kafika ku ubongo. Kale pofika pamenepo mankhwala anali melarsoprol, jakisoni wa poizoni wa arsenic, amene yekha ankapha pafupifupi wodwala mmodzi pa 20 alionse. M'zolemba zawo za PhD mayiwa analimbikitsa kuti a zaumoyo wa anthu, a ziweto ndi a nyama zakutchire azigawana zimene akuona, popeza kachilomboka kamayenda pakati pa onse atatu. Ndipo kutsidya kwa malire, pachipatala cha Rumphi ku Malawi ndi cha Lwala ku Uganda, ofufuza ena anayesa mapiritsi a fexinidazole, akumwa masiku 10 pamodzi ndi chakudya. Bungwe la ku Europe loona za mankhwala linawavomereza pa kaodzera wa rhodesiense mu Disembala 2023, ndipo World Health Organization inawaika m'malangizo ake mu 2024. Odwala a ku Rumphi ndi madokotala awo athandiza wodwala wa kwa Kakumbi.

Komabe zinthu siziyenda chonchi nthawi zonse, ndipo tisabisane. Pali magazi amene anatengedwa m'midzi ya mu Africa n'kukakhala m'mafiriji a kunja, eni ake osamvanso kalikonse. Pali mapepala amene wosonkhanitsa magazi onse anangothokozedwa kumapeto m'zilembo zing'onozing'ono. Zambia inakhazikitsa lamulo la National Health Research Act mu 2013, limene limafuna chilolezo ndi pangano lolembedwa zinthu zotengedwa m'thupi la munthu zisanatuluke m'dziko, ndipo pangano la mayiko la Nagoya la 2010 limanena za kugawana phindu lochokera ku zamoyo za dziko lililonse. Malamulowa ndi abwino, koma pepala silingabwerere lokha kukhola kukayankha mlimi uja anafunsa kuti mwapeza chiyani. Amene angabwerere ndi munthu.

Kubwererako nako n'kovuta. Dokotala watsopano amafika ndi luso lonse, n'kupeza kuti mankhwala a mu labotale amatenga miyezi kuti afike, galimoto ya kumunda ilibe mafuta, ndipo chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba magetsi ankazima maola ambiri patsiku. Anzake amene anatsala kunja akumulembera za ntchito ya malipiro abwino. Wosankha kukhala kunja tisamuweruze msanga. Koma boma limene linamulola kupita, likalephera kumupatsa firiji yodalirika ndi kandalama kofufuzira, lataya zaka zake zonse zija. N'chifukwa chake maphunziro ogawa pakati, monga a Commonwealth amene amalola wophunzira wa PhD wolembetsa pa yunivesite ya kwawo kukakhala ku Britain miyezi 12 yokha, ali oyenera kwambiri chigwa chino: funso limatsala kuno, banja silipasuka, ndipo ulendo umakhala wokatenga luso limene likusoweka.

Inu ana a sukulu, njira imeneyi siyotsekeka kwa mwana wa Mambwe. Thandiwe Mweetwa anakulira ku Mfuwe konkuno, anakaphunzira ku University of British Columbia ku Canada, kenako ku University of Arizona ku America kumene anafufuza za mikango ya m'chigwa chino, ndipo anabwerera kudzagwira ntchito ndi Zambian Carnivore Programme. Mu 2016 bungwe la National Geographic linamusankha kukhala mmodzi wa ofufuza achinyamata odalirika. Masamu, sayansi ndi Chingelezi muzigwire mwamphamvu. Ofufuza akabwera m'mudzi mwanu ndi misampha yawo ya nsalu yabuluu ndi yakuda, musamangoonerera patali. Pitani mukafunse chifukwa chake kashembe amakopeka ndi mtundu umenewo, pemphani kuyang'ana pa maikulosikopu. Beit Trust imapereka mwayi wa maphunziro apamwamba kwa ana a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe, boma la Japan nalo limapereka wake, koma onsewa amafuna munthu amene anayamba wakhoza bwino digiri yoyamba ndipo ali ndi funso lake.

Ndipo inu mafumu athu a kwa Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Msoro ndi Malama, pamodzi ndi manyakwawa anu, wofufuza aliyense amayamba wafika kwa inu kudzapempha chilolezo, kaya ndi mzungu kaya ndi mwana wathu. Mulandireni bwino, pakuti ntchito yake ndi yopulumutsa anthu ndi ziweto. Koma musanamulole kugwira khutu la ng'ombe kapena mwendo wa galu, mufunseni kumene magaziwo akupita, amene adzawasunge, ndi mwezi umene adzabwere kudzafotokozera anthu anu zimene wapeza, m'chilankhulo chimene iwo amamva. Alembe mweziwo m'buku la alendo la kunyumba yachifumu, asayine, ndipo ukakwana mumuitanitse.